Apongozi Amene Ankandiyankhula Kudzera mwa Galu

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha apongozi anga aamuna, a Lazaro Mbewe. Patha chaka chiwaikire m'manda. Anthu anabwera ambiri, ena kuchokera ku Katete, ena ku Vubwi. Alamu anga a Gibisoni, mwana wawo woyamba, anaimirira atavala suti n'kunena kuti bambo awo anali munthu wofatsa, wofatsa moti ngakhale agalu ankawamvera. Anthu anavomereza ndi mitu. Ine ndinali kumbuyo pakati pa amayi anzanga, ndipo ndinaluma nsonga ya chitenje kuti pakamwa panga pasatuluke kanthu.

A Mbewe sanali ofatsa. Amene akunena zimenezo akufuna kuwaphimba ndi simenti kawiri. Ndipo pa anthu onse amene anali kumanda kuja, a Gibisoni ndiwo sayenera n'komwe kutchula agalu a bambo awo. Galu wawo womaliza, Phulusa, a Mbewe anasiyira ine kuti ndimusunge. Amene anandilanda ndi a Gibisoni omwewo.

Ine sukulu ndinalekera giledi faifi, ndipo pagulu lilime langa limauma. Kulemba ndimalemba pang'onopang'ono, mwana akagona masana. Koma zimene sindinanene kumanda ndiziika pano.

Ndinabwera m'mudzi muno, kufupi ndi Sinda, ngati mtengwa. Amuna anga, a Yohane, ndi omaliza kubadwa, ndipo nyumba yathu inayang'anana ndi ya bambo awo, amene ankakhala okha poti apongozi aakazi anamwalira kale. Mwambo ndi wodziwika: mtengwa ndi apongozi aamuna sayang'anana m'maso, sakhala pamphasa imodzi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Kwa ine mwambowu sunali wovuta, chifukwa manyazi ndinabadwa nawo. Kwa a Mbewe unali goli, poti anali munthu wosatha kusunga mawu m'mimba. Ndiye anapeza njira yawo. Tsiku lina ndikuswa nsawa pakhonde, ndinamva mawu kuchokera kunkhokwe, iwo atandifulatira.

"Iwe Phulusa, kawauze amayi ako aja kuti mbuzi zikudya ufa wawo pamphasa."

Ndinathamanga kukapirikitsa mbuzizo. Pobwerera ndinaima n'kunena kwa galuyo, "Phulusa, uwauze agogo kuti zikomo."

"Uwauze kuti zikomo sathamangitsa mbuzi. Aziyanika pathandala."

Kuyambira tsiku limenelo, kwa zaka zitatu, tinkacheza choncho. Za mvula, za mitengo ya thonje, za chifuwa cha mwana, zonse zinkadzera mwa Phulusa, iye ali pakati pa bwalo akutembenuzira mutu uku ndi uku. Nkhope ya apongozi sindinaiyang'anitsitsepo. Chimene ndikuchidziwa bwino ndi msana wa jekete lawo.

Jeketelo linali lakuda kalekale, koma dzuwa linalifiiritsa m'mapewa. Ankalivala ngakhale mu Okutobala. M'thumba la kumanja munkakhala mpeni ndi luzi. La kumanzere linali la agalu: mitu ya tinsomba ta kapenta, nsawa zokazinga ndi nkhoko zouma zothyolathyola. Fungo lake linkafika mwini wake asanafike. Kutchalitchi amayi a kwaya anadandaula, ndipo mkulu wa mpingo wina anawapempha mwaulemu kuti Lamulungu azisiya jeketelo kunyumba. Iwo anayankha anthu akumva kuti nsomba zinalengedwa tsiku lachisanu, akulu a mpingo tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndiye wamng'ono asathamangitse wamkulu. Anakhala miyezi iwiri osapatsana moni ndi mkuluyo.

Kukangana kunali ndiwo yawo. Ana oponya agalu miyala ankawalondola mpaka kwa makolo awo. Mayi wina amene anathira galu madzi otentha chifukwa chonyambita poto, anamuimirira pakhomo n'kumukalipira mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Anthu anawapatsa dzina loti Abusa a Agalu. Ena ankanong'ona kuti ali ndi mankhwala, chifukwa sizinkamveka kuti galu angamvere munthu wosanyamula ndodo. Iwo akamva zimenezo ankasolola mutu wa kapenta n'kuukweza m'mwamba, ati amene akufuna mankhwalawo abwere adzatenge ulere.

Ankanena kuti palibe amene amapalira thonje la mnzake popanda kanthu, ndiye galu azigwiriranji ntchito yaulere. Ankanenanso kuti chikwapu chimaphunzitsa galu chinthu chimodzi chokha, kutalika kwa mkono wa mbuye wake. Koma amene ankawanyansa koposa ndi munthu woitana galu mokoma kuti amumenye akafika. Ankati wotereyo waphunzitsa galu kuti kubwera ndiye mlandu, ndipo mawa akamadzaitana mpaka kusasa mawu asadzadandaulire munthu.

Ena mwa amene ankawaseka ankabwera mozemba, kudzera kuseri kwa nkhokwe. Aphunzitsi ena a kupulayimale anabwera ndi galu wolumphira alendo. A Mbewe anawauza kuti galu alibe vuto, wofunika sukulu ndi mwini wake. Anawaimika padzuwa ndi nsawa m'manja: galu akalumpha atembenuke osanena kanthu, mapazi anayi akaponda pansi apereke. Aphunzitsi akachedwa kupereka ankakalipiridwa ngati mwana wa giledi wanu. Kwa galu mawu ofewa, kwa munthu mabingu. Anali otero.

Phulusa poyamba sanali wawo. Anali wa a Tembo a kumtunda kwa mudzi, kagalu kakakazi kotuwa, nthiti zili panja, ndipo kankaba mazira. Kuno galu wakuba mazira amamuchiza ndi dzira lomwelo. Amaliwiritsa, amamukanula pakamwa ndi kamtengo, n'kuliponyamo lili lotentha, n'kumugwira kukamwa kuti asalavule. Amati akapsa lilime sadzayambiranso. Chaka choyamba chimene ndinabwera, ndikuchokera kuchitsime ndowa ili pamutu, ndinapeza anthu atazungulira pabwalo pa a Tembo. Amuna awiri anali atapanikiza kagaluko pansi, ndipo a Tembo ankavuula dzira m'madzi ndi chipande. A Mbewe anatulukira khasu lili paphewa.

"Tembo, dzira ilo n'la ndani?"

"N'la mbava iyi. Yandimalizira chisa chonse."

"Chiyambire dzulo mwaipatsa chiyani?"

"Galu amapatsidwa, a Mbewe? Amadzifunira."

"Ndiye wadzifunira. Mlandu uli pati?"

Anthu anaseka. A Tembo sanaseke. Anati galu ndi wawo, dzira ndi lawo, Abusa akalalikire kwawo. Apo a Mbewe anaponya khasu pansi, n'kutola dziralo pachipande ndi dzanja lawo, nthunzi ikufuka, n'kulifikitsa pamilomo pa a Tembo.

"Yambani ndinu. Yasamani! Inunso munkaba mondokwa kudimba kwa amalume anu, ndikukudziwani ine. Yasamani tikuchizeni."

A Tembo anabwerera chambuyo mpaka anagunda mtondo. Amuna aja anamasula manja, kagalu kanathawira kutchire. Chikhatho cha a Mbewe chinachita matuza moti sabata yonse sanagwire khasu. Tsiku lomwelo anatuma amuna anga ndi msoti kwa a Tembo kuti asinthane ndi galuyo. A Tembo anauza aliyense kuti sanaonepo chitsiru chogula mbava ndi nkhuku.

Zimene zinatsatira ndinaziona ndi maso anga ndili pakhonde. Masabata awiri Phulusa anakhala pansi pa nkhokwe, osatuluka pakakhala munthu. A Mbewe sanamukoke. Ankakhala pachitsa atamufulatira, n'kumaponya mutu wa kapenta kumbuyo osacheuka. Tsiku lililonse ankaponya pafupi pang'ono, mpaka m'mawa wina mphuno yozizira inagunda chigongono chawo. Ankamudyetsa kawiri patsiku, zimene zinaseketsa mudzi wonse. Zisa za nkhuku anazikweza n'kuzitsekera, ati wophunzira sumuyesa ndi chinthu chimene sangachithe.

Kenaka anatenga chigoba cha dzira n'kuchiika patali. Phulusa akachiyang'ana n'kutembenukira kwa iwo, ankaliza lilime kamodzi, "nca", ndipo nthawi yomweyo kapenta inali pakamwa pake. Ankati malipiro akachedwa ngakhale mpweya umodzi, galu sadziwa kuti ndi a chiyani. Phulusa akalephera n'kuthamangira chigoba, iwo sankakalipa. Ankangochiphimba ndi phazi n'kunena kuti wolakwa ndi iwo, afulumira. Ankaphunzitsa kanthawi kochepa m'mawa asanapite kumunda, ndipo ankaleka galu akadafunabe. Chigoba chinasanduka dzira lenileni, dzira linasendera pafupi. Pofika nthawi yokumba nsawa, Phulusa ankagona pabwalo anapiye akumukwera pamsana. A Tembo ataona anangoti, "Si mankhwala awo?"

Mwana wanga Madalo atayamba kukwawa ankakonda kukoka makutu a Phulusa. Tsiku lina galuyo analirira kukhosi, ndipo amuna anga anatola chikuni. A Mbewe anawabangulira kuti galu wolirira kukhosi akukuuza kuti watopa, ndipo ukamumenya chifukwa chonena, ulendo wina adzaluma osanena. Ndiye anaphunzitsa Phulusa kuti mwana akamuvuta azinyamuka n'kupita kukakhala pansi patsogolo pawo, kudikira za m'thumba la kumanzere. Ine anandiuza, kudzera mwa galu yemweyo, kuti mwana ndi wanga ndipo ndizimuchotsa msanga. Phulusa sanalumepo munthu m'mudzi muno. Ndikufuna zimenezi zidziwike.

Chaka china kunabwera a zanyama kudzabaya agalu jekeseni ya chiwewe pabwalo la sukulu. Anthu ankakoka agalu awo ndi zingwe ndi mawaya, kulira ndi fumbi lokhalokha. Phulusa anayenda yekha pambali pa mwendo wa a Mbewe n'kukhala pansi pamzere. Mtsikana wina mwa obayawo anadabwa, n'kuwapatsa kabuku ka zithunzi, ka m'Chinyanja, kophunzitsa kulera agalu. A Mbewe maso anali atafooka. Anakaika pamtondo wanga n'kuuza Phulusa kuti amva zoti amayi ake anapitako kusukulu. Masana atatu ndinawerengera galu kabukuko, movutikira, chala pamzere, iwo ali cha uko atafulatira. Pamene panalembedwa kuti osamenya, ankati, "Ehe! Uwauze abwereze." Pamene panalembedwa kuti mphotho iziperekedwa msanga, anamenya ntchafu n'kunena kuti a ku Lusaka awabera nzeru. Koma titafika pa chithunzi cha thumba la chakudya cha agalu cha m'sitolo, anakwiya. Ati wolemba ameneyu sanafikepo ku Sinda, akufuna anthu aziganiza kuti kukoma mtima n'kogula, kuti wosauka apitirize ndi ndodo. Tsamba limenelo analing'amba. Kabuku kotsalako ankakapereka kwa aliyense amene wapeza kagalu, ndipo ambiri ankakabweza osakatsegula. Pamaliro pawo ndinakapeza kukhitchini, theka lake atayatsira moto.

Sindikufuna kunama monga ananamira a Gibisoni, ndiye ndinenenso izi. A Mbewe sanabadwe ndi kapenta m'thumba. Ali bambo wamphamvu ankamenya: ng'ombe, agalu, ndi ana awo omwe. A Gibisoni ali ndi chipsera kuseri kwa khutu, cha lamba wa bambo awo. Anachoka pamudzi asanamere ndevu n'kupita ku Katete, kumene lero ali ndi shopu. Ankabwera kawiri pachaka. Tsiku lina ataona bambo awo akudyetsa Phulusa m'manja, anaseka chiseko chowawa.

"Atate, inu ndinu ochenjera. Ife munkatipatsa belti, dogi mukuipatsa kapenta. Bwenzi ndinabadwa ndi mchira ine."

A Mbewe anapitiriza kudyetsa galu wawo. A Gibisoni atapita, a Mbewe anauza Phulusa mokweza kuti ine ndimve, kuti chikwapu chinaphunzitsa mwana wawo njira ya ku Katete yokha, ndipo nzeru inawapeza ana atakula kale, patangotsala agalu. Koma kupepesa kwa mwana wawo sanapepese. Chimenecho ndimawakwiyira nacho mpaka lero. Munthu wotha kugwira dzira lotentha chifukwa cha galu wa eni, analephera kukwera minibasi ya ku Katete kukanena mawu awiri.

A Mbewe anadwala chifuwa titangokolola. Masiku omaliza ankagona pamphasa pakhomo, kuothera dzuwa. Masana ena ndinawapititsira phala n'kugwada patali. Iwo anaika dzanja pamutu pa galu.

"Phulusa, ine ndikachoka usapite ku Katete. Kumeneko kuli tcheni. Ukakhale kwa amake Madalo. Uwafunse ngati avomera."

"Uwauze agogo kuti ndavomera."

Panalibe wina amene anamva. Amuna anga anali atapita kukagulitsa thonje.

Patatha masiku atatu chiikire maliro, abale anakhala pabwalo kugawana katundu, amuna uko, amayi uku. Jekete linapita kwa ang'ono awo a malemu, a Sandikonda a ku Vubwi. Abale awiriwa anali atakangana zaka zambiri chifukwa cha dimba limene makolo awo anasiya, ndipo aliyense ankadziwa. A Sandikonda analivala pomwepo. Phulusa, amene chiyambire maliro anali pansi pa nkhokwe osadya, anatuluka. Anadutsa pakati pa anthu n'kukakhala pansi patsogolo pa a Sandikonda, n'kuwayang'anitsitsa. Anamuthamangitsa, anabwerera. Anamugenda ndi chibuma, anazungulira n'kudzakhalanso pomwepo, ndipo anakweza phazi n'kuwagunda pabondo.

Bwalo linazizira. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'ona, "Galu waona." Mnzake anati, "Akuloza." Mawuwo anayenda pamphasa zonse ngati moto wa m'tchire, kuti galu wa mankhwala akuloza amene wadya mbuye wake. A Sandikonda anaimirira.

"Ndiye mwandiitanira zimenezi? Mukuti ndapha mkulu wanga ndine? Mupheni galu uyu ndikuona, apo ayi chibale chathu chathera pano!"

Ine ndinkadziwa. Panalibe za mizimu. Phulusa ankangochita zimene anaphunzira, patsogolo pa jekete limene ankalidziwa. Ndinayang'ana amuna anga, iwo anaweramitsa mutu. Wina anali atatola kale mpini. Mtengwa sayankhula pogawa katundu wa eni mudzi, ndipo ine ndinali ndisanayankhulepo pa anthu opitirira atatu. Mawu anatuluka okha, opyapyala, m'njira yokhayo imene ndinkaidziwa.

"Phulusa, uwauze atate aang'ono apise dzanja m'thumba la kumanzere."

Anthu anacheuka. A Sandikonda anapisa, n'kutulutsa mitu ya kapenta yodzaza chikhatho. Phulusa anapukusa mchira. Wina anayamba kuseka, kenaka bwalo lonse. Ngakhale amayi aja a "galu waona" anaseka mpaka misozi, ngati si iwo amene ananena.

Ndinaganiza kuti ndamupulumutsa. Koma munthu wamkulu akasekedwa pagulu, wina amayenera kupwetekerapo. A Sandikonda anataya kapenta pansi n'kunena kuti galu woyambanitsa abale asagonenso m'mudzi muno, komanso kuti chibadwire sanamvepo mtengwa akulangiza apongozi kudzera mwa galu. A Gibisoni anaimirira ngati wobweretsa mtendere.

"Palibe pulobulemu, atate aang'ono. Dogi ndiitenga ine. Kushopu ndifuna sekyuliti."

Apo ndinayeneranso kuyankhula. Ndinayenera kunena kuti mwini wake anasiyira ine. Ndinatsegula pakamwa, koma maso onse anali akadali pa ine, ndipo mphamvu zanga zinali zitathera pa mawu oyamba aja. Ndinakauza amuna anga kuseri kwa nyumba. Iwo anati mboni ndani, ndipo sangatsutsane ndi akulu awo manda asanaume. Phulusa anamukweza pa galimoto ya kanta atamumanga waya m'khosi. Chifikire kwa a Mbewe anali asanamangidwepo.

Ndinamuonanso kamodzi, patatha miyezi inayi, nditapita ku Katete kukagula mbewu. Anali kuseri kwa shopu, patcheni chachifupi, pansi pa lata lakale, khosi lili zilonda zokhazokha. A Gibisoni anadandaulira ine kuti bambo awo anamuwononga galuyo, ati mbava ikabwera angailandire ndi mchira. Ndiye ankamuthirira tsabola m'chakudya ndi kumukwapula ndi paipi kuti akhale shapu, azilusa. Ndinaitana, "Phulusa." Anadzuka, n'kuyesa kukhala pansi bwinobwino patsogolo panga monga kale. Koma nditangosuntha dzanja anadzigwetsa n'kutseka maso. Ndinapempha alamu, ndikuyang'ana pansi, kuti andipatse galuyo ine ndiwapatse mbuzi yanga. Anaseka.

"Alamu, iyi ndi pulopate ya atate. Inu munabwera ndi sutikesi chabe."

Mwezi wotsatira Phulusa analuma mayi wina amene anadutsa pafupi ndi tcheni popita kukataya madzi. Analuma osachenjeza. A Gibisoni anamupha tsiku lomwelo ndi fosholo, n'kutumiza uthenga pafoni ya amuna anga woti dogi ija inali yolusa kuyambira kale, inkangobisa.

Ndi munthu ameneyu amene Loweruka anaimirira mu suti. Ndikudziwa za chipsera chawo, ndipo sindikunena kuti sichipweteka. Koma amene anagwira lamba uja si Phulusa. Ndakwiyira iwo, ndakwiyira a Sandikonda, ndakwiyira amuna anga amene mpaka lero amati zinatha, anali galu chabe. Ndipo ndikamaliza onsewo mkwiyo umatsala pa ine, amene ndinavomera pamaso pa munthu amene ankafa. Mawu anga anakwanira kuyeretsa dzina la a Sandikonda. Kusunga galu mmodzi sanakwanire.

Nyumba ya a Mbewe inagwetsedwa, monga zimachitikira mwini wake akapita popanda wotsalamo. Malata anapita ku Katete, chitseko ku Vubwi. Patsala mulu wa dothi lofiira ndi mwala wa pakhomo. Mvula itagwa panamera bonongwe ndi chisoso, ndipo mbuzi zimakwerapo kukagona masana. Palibe amene amasesapo. Amati ndi malo a eni, koma eni akewo sabwera. Njira ya kuchigayo tsopano yadula pakati penipeni, pamene panali chipinda chawo chogona, poti anthu saopanso kukalipiridwa. Agalu a m'mudzi nawonso amadutsa pomwepo. Amadutsa chammbali, mutu pansi, mchira pakati pa miyendo, monga amadutsira pena paliponse.